Amayi pa Geti la Eni Ake

Kamera yanga yoyamba ndinaigula pa salaula, msika wa kaunjika, pamulu umodzi ndi malamba ndi zikwama zakutha. Inali ndi mng'alu pakona, ndipo ukaidina inkayamba yaganiza kaye isanajambule. Koma tsiku lomwe ndinaikoleka m'khosi, kayendedwe kanga kanasintha. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, diso limodzi lotsinzina, ndikuyang'ana Kanyama, komboni yathu ya mu Lusaka, ngati ndangotsika ndege, chonsecho ndinabadwira momwemo ndipo ngalande iliyonse ndinagweramo kale.

Ndinkajambula chilichonse chimene munthu wanzeru sangajambule: nkhuku itaima pa thumba la makala, minibasi itatitimira m'matope kondakitala akukankha uku akutukwana, mtambo ukuoneka m'chithaphwi cha madzi obiriwira. Tsiku lina ndinagona chafufumimba pakati pa njira kuti chithaphwi chotere ndichipeze bwino, ndipo mayi woyandikana nafe, wogulitsa tomato, anadzandiimirira kumutu. Kwathu kujambula timati kukopa, matope timati matika.

"Imwe, mukopa chani apo? Ni matika chabe ayo."

"Nikopa umoyo wa mu komboni, ba neba."

"Umoyo uli mu matika? Nyamukani, muzadwala."

Sindinanyamuke msanga, kuti aone kuti akulankhula ndi munthu wa luso. Masiku amenewo ndinkauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti ine ndimajambula zoona zokhazokha, ndipo maukwati sindijambula chifukwa kumeneko anthu amangodzionetsera. Kunena mosabisa, palibe anandiitanapo ku ukwati. Masana ndinkagulitsa utoto ndi misomali m'sitolo ina m'tauni. Nditagula foni, yomwe inkajambula bwino kuposa kamerayo, kamera sindinaivule. Foni aliyense ali nayo, ndipo ine sindinkafuna kukhala aliyense.

Amayi anga zithunzi zangazo sankazifuna n'komwe. Iwo sanasiye Chichewa cha kwawo ku Dedza, ndipo akamandinyoza chinkatuluka chosasakaniza.

"Anzako amajambula maluwa ndi anthu osamba," ankatero. "Iwe ukujambula zinyalala. Zinyalalazo ndani sakuzidziwa?"

Anali ndi zithunzi zawo, zosungidwa m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. M'zithunzizo amayi anali mtsikana, ataima pa geti la nyumba yoyera yamaluwa ofiira olendewera pampanda. Pena atatsamira galimoto, pena atakhala pa mpando wa pakapinga, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti kale tinkakhala m'nyumba imeneyo, ndipo kusukulu ndinamenyanapo ndi mnzanga amene anatsutsa. Anandigonjetsa, ndipo ankanena zoona.

Nkhani yake ndinaimva nditakula. Bambo anga anachoka ku Malawi kudzafuna ntchito ku Lusaka, nakhala khukhi wa bwana wina ku Kabulonga, kumayadi. Atapita kumudzi kukakwatira anabwera ndi amayi. Bwana akapita kutchuthi, bambo ankaitana wojambula woyenda pa njinga, amayi n'kuvala diresi la ku tchalitchi, n'kukaima pa geti. Zithunzi zinkatsukidwa ziwiriziwiri, china cha m'chitini, china chopita kwa mng'ono wawo ku Malawi. Sitinali tokha. Mabanja ambiri ochokera kumeneko m'komboni mwathu ankachita zomwezo, ndipo palibe ankazitcha bodza. Munthu sungawoloke malire anthu akukuperekeza ndi nthungululu, kenako n'kuwatumizira chithunzi uli m'matope.

Amayi anabadwa awiri okha, iwo ndi mng'ono wawoyo, amene ine ndimati amayi aang'ono. Iwowa anakwatiwa ku Kasungu, kuminda ya fodya, ndipo nawonso ankatumiza zithunzi zawo: ataima pa khonde lofiira la nyumba ya njerwa, yamalata, yamawindo agalasi. Amayi ankachiyang'ana chithunzi chotere nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mng'ono wanga anakwatiwa bwino." Awiriwa anaonana komaliza pa maliro a mayi awo ku Dedza, ine ndikukwawa. Panalibe amene anapondapo pakhomo pa mnzake.

Bambo atamwalira, zithunzi zinaleka. Patapita zaka, amuna a amayi aang'ono nawonso anamwalira, ndipo ndi pomwe mafoni anayamba kulira. Amayi aang'ono analibe foni yawo, ankabwereka kwa mayi wina wa kumeneko. Ankafuna zinthu ziwiri. Choyamba, zithunzi zatsopano. Chachiwiri, kubwera ku Lusaka kudzaona mkulu wawo.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, amayi anandigwira mkono.

"Tenga chinthu chakocho. Lero ujambule zooneka."

Tinakwera minibasi ya m'tauni, kenako ina ya kumayadi. Nyumba ya bwana wa bambo tinaipeza itazingidwa khoma lalitali lokhala ndi mawaya a magetsi pamwamba, moti ngakhale denga silinkaoneka. Amayi anaima pang'ono, n'kunena kuti basi, tasamuka. Tinayamba kuyenda msewu ndi msewu kusaka nyumba yathu yatsopano.

Musaganize kuti ankangoima pa geti lililonse. Amayi ankasankha nyumba ngati akusankha nsomba pamsika. Yosanja anaikana, ati mng'ono wawo aganiza kuti tinaba. Ina ati utoto wake ndi wa anthu osapemphera. Ina inali yabwino koma inali ndi galu, ndipo galuyo sanatipatse mpata wokambirana. Pomaliza tinapeza yachikasu, yampanda wa maluwa, yoyenera mkazi wamasiye amene mwana wake akuchita bwino m'tauni. Mwana wochita bwinoyo ndinali ine, ndipo nsapato yanga ina inali itayasama.

Ndinawauza kuti zimenezi ndi zosemphana ndi mfundo zanga.

"Mfundo zako zimadya kwa ndani?" anafunsa. "Jambula."

Anaima pa geti, dzanja limodzi litangokhudza chitsulo pang'ono, nkhope ikumwetulira, koma khutu lili kumbuyo kumvetsera ngati mwini wake akubwera. Ndinagwada bondo limodzi kuti nambala ya nyumba ibisike kuseri kwa phewa lawo. Ndinawasunthira pomwe dzuwa linkawagwera bwino. Ndili mkati mowauza kuti akweze chibwano, kazenera ka pa geti kanatseguka, mlonda n'kusuzumira.

"Mufuna ndani?"

"Tipita chabe, ba gadi," ndinatero. "Ba mami akonda maluwa."

Anatiyang'ana, nayang'ananso diresi la amayi, ndipo ndikukhulupirira kuti anamvetsa zonse, chifukwa anangoti, "Fulumirani, ba bosi ali pafupi," n'kutseka kazenera kaja.

M'minibasi pobwerera ndinawaonetsa chithunzicho. Anachiyang'ana, nachitalikitsa, nachiyandikitsanso.

"Kani umatha," anatero.

Mawu awiri okhawo anandigula. Munthu wa zoona zokhazokha uja anathera pomwepo, pa mpando wakumbuyo wa minibasi, atapanikizidwa ndi thumba la kabichi. Kuyambira pamenepo ndinkachita kuwakumbutsa ndine kuti papita nthawi tisanapite ku nyumba yathu. Ndinaphunzira nthawi imene eni ake amakhala ku tchalitchi chawo, mbali imene dzuwa limachokera, ndi momwe ungadulire chithunzi kuti chikwangwani cha kampani ya alonda chisaoneke. Mlonda uja anazolowera, mpaka tsiku lina anatibwereka paipi yothirira maluwa kuti amayi aigwire. Pa zithunzi zonse zimene ndajambula pamoyo wanga, zabodza zimenezi ndiye zakuthwa kwambiri, ndipo zimandipweteka kuvomereza.

Koma chithunzi chilichonse chikapita, foni inkalira, ndipo funso linali lomwelo.

"Akulu anga, nyumba yokongola chonchi, ndibwere liti?"

Amayi anali ndi mayankho okonzeratu. Tikupaka utoto. Kwabwera alendo a ku tchalitchi. Kuno kwagwa kolera, dikira ithe. Mwezi uno kukuzizira, sungapirire. Ankayankha akuseka, koma foni ikangoduka ankatenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo pomwe asesa kale, osalankhula ndi munthu mpaka madzulo. Ankamufuna mng'ono wawo, ndipo aliyense m'nyumba ankaona.

Tsiku lina ndinapsa mtima.

"Amayi, alekeni abwere chabe. Ni mubale wanu, sazabwera kuona nyumba."

"Adzagona pati?" anandifunsa. "Pa bedi ili lokwezedwa pa njerwa kuopa madzi? Adzalowa chimbudzi icho chimene timalimbirana ndi mabanja onse a pabwalo pano? Iye amakhala m'nyumba ya khonde. Ine ndi amene ndinapita kunja, ine ndi amene anandiimbira nthungululu. Ukufuna adzaone kuti moyo wanga wonse ndathera apa?"

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo nthaka ya Kanyama ndi mwala pansi, simwa madzi. Mvula ikagwa, madzi amakhala nafe mpaka atafuna okha kuchoka.

Chaka china, mvula itangoyamba, amayi aang'ono anadwala miyendo ndi kuthamanga kwa magazi. Atachira pang'ono anaimba, ndipo ulendo uno sanaseke. Anati ngati saonana chaka chimenecho, mwina basi. Amayi anasesa pabwalo mpaka fumbi linatha, kenako anabwera ndi nzeru: ndipite ine. Ndikawaone, ndikawapatse chitenje, shuga ndi sopo, ndikawajambule, ndipo mtima wawo wofuna kubwera ukazizira. Anandilumbiritsa kuti za nyumba ndikatseke pakamwa.

Ndinavomera msanga, ndipo chifukwa chake sichinali chachifundo. Ndinali ndisanatulukepo m'dziko, ndipo m'mutu mwanga ndinkaona kale zithunzi za ulendo zimene zikanatseka pakamwa onse ondiseka. Ndinalimbirana mpando wa pawindo m'basi ya ku Chipata. Ndinajambula mapiri, mlatho wa Luangwa, amayi ogulitsa nsomba zouma ndi madengu, njinga zonyamula makala. Nditaziona bwino madzulo ake, pafupifupi chilichonse chinali ndi nkhope yanga yowala pagalasi la windo, kukamwa kuli yasa, mapiri akuoneka mwa apo ndi apo kuseri kwa mphuno yanga. Chimodzi chokha chinatuluka bwino, cha mbuzi, ndipo mbuzi ngati imeneyo ku Kanyama ziliko.

Ku Kasungu ndinafika tsiku lotsatira masana. Wa kabaza nditamuonetsa chithunzi cha nyumba ya khonde lofiira, anaizindikira nthawi yomweyo, nandipalasa kudutsa m'minda ya fodya wobiriwira mpaka pa esiteti ina. Nyumba inali yomweyo. Pakhonde panali mayi wokalamba, wamfupi, wa nkhope ya amayi anga yeniyeni. Anandikumbatira akulira, akunditchula mwana wa akulu awo, akundigwira masaya ngati ndine khanda.

Kenako anabwerera m'mbuyo kuti andione bwino, naima pafupi ndi chitseko. Dzanja limodzi linangokhudza chitsekocho pang'ono. Nkhope inkamwetulira, khutu lili kumbuyo.

Kaimidwe kameneko ndinali nditakajambula Lamlungu lambirimbiri. Ndikanakazindikira ngakhale mumdima.

Tinakhala pakhonde, ine pampando, iwo pamkeka. M'nyumba sanandilowetse, ati mukutentha. Tiyi anabwera naye mayi wina wachitsikana amene anandiuza kuti ndi mnzawo, koma mnzawoyo ndi amene ankadziwa komwe kuli masupuni. Amayi aang'ono anandifunsa ngati ndapeza kale malo ogona kumasitolo a kumsewu, poti kumeneko kuli magetsi, anthu a m'tauni sitizolowera mdima. Ndinayamba kusangalala mwa njira yoipa, ngati mmisiri amene wapeza ntchito ya mmisiri mnzake ndipo akuona pomwe analakwitsa.

Mvula ndi imene inathetsa sewerolo. Kunada mwadzidzidzi, madontho oyamba n'kugunda malata. Amayi aang'ono anayamba kucheuka, kuyang'ana kuseri kwa zigafa za fodya. Anapirira pang'ono, kenako anadzuka.

"Ufa wanga," anatero, n'kuuyamba wothamanga ndi miyendo yodwala ija.

Ndinawatsatira. Kuseri kwa zigafa kunali kanyumba ka zidina, kofolera udzu wakuda ndi pepala lapulasitiki long'ambika. Ndinawapeza akukoka thumba la ufa kulichotsa pomwe pankadontha. Ndinawathandiza, kenako tinatchera beseni apa, poto apo, ndowa pafupi ndi mphasa. Titamaliza anakhala pansi, osandiyang'ana.

Anandiuza okha. Amuna awo anali tenanti, wolima fodya wa mwini esiteti, moyo wawo wonse. Nyumba ya khonde ndi ya kalaliki wa pa esitetipo. Makalaliki akhala akusinthana, ndipo mkazi wa aliyense ankawabwereka khonde. Wa tsopanoyu ndi amene ankawabwerekanso foni.

"Usakawauze akulu anga," anatero. "Ndagwira mwendo wako."

Ndinalonjeza. Linali lonjezo langa lachiwiri pa nkhani imodzi, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wofunika kwambiri m'banja.

"Nanga nyumba yawo ija, mkati mwake ndi mokongola ngati kunja?" anandifunsa.

Apa ndi pomwe munthu wolimba mtima akanalankhula. Ine ndinati inde, ndi mokongola, ndipo ndinawonjezera makatani, popanda wondifunsa.

Anagwedeza mutu. "Ndimadziwa chifukwa chake amandikaniza kubwera. Utoto, alendo, kuzizira. Ine si mwana. Akuchita nane manyazi. Akuopa kuti ndikawadetsera mipando, anzawo a kumayadi akaona kuti ali ndi mng'ono wa zing'alu kumapazi. Sindiwada, mwana wanga. Koma ndikanakonda ndikanangowaona, ngakhale pa geti pokha, ine n'kubwerera."

Kusangalala kwanga konse kunathera pomwepo. Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi, chifukwa mpanda wa maluwa umene unkawatsekereza kunjawo ndinaukonza ndine, nditagwada bondo limodzi. Komabe pakamwa sindinatsegule. Ndinagona m'kanyumbako, ndikumvetsera madzi akugwera m'beseni.

M'mawa anavala chitenje chatsopano chija, tinapita pa khonde la kalaliki, ndipo ndinawajambula mwaluso langa lonse. Titabwerera anakhala pakhomo pawo penipeni n'kuyamba kusadzula nkhwani, lichero lili pamiyendo, mapazi atatambasula. Chizolowezi changa chakale chinandigwira. Ndinawajambula osadziwa, iwo ndi kanyumba kawo, udzu, pulasitiki ndi zonse.

Ndinafika ku Kanyama madzi atalowa kale m'njira zonse. Amayi anali atayala matumba a mchenga pakhomo. Sanadikire kuti ndivule nsapato.

"Ndimuone."

Ndinatsegula chithunzi cha pakhonde n'kuwapatsa foni m'manja. Tsono aliyense amadziwa kuti munthu wa kwathu ukamupatsa foni kuti aone chithunzi chimodzi, chala chake sichikhala, amakankha kuti aone chotsatira. Amayi ndiye anali katswiri wa zimenezi. Ndingathe kunena kuti ndinaiwala kufufuta chithunzi chinacho, koma ulendo wonse wa m'basi ndinkachiyang'ana, chala chili pamwamba pake. Ndinalephera kulankhula ngati mwamuna, ndiye ntchitoyo ndinasiyira chala cha amayi. Ndinapita kukaima pakhomo, pafupi ndi pothawira.

"Wakalamba, koma akuoneka bwino," anatero. Chala chinakankha. "Khonde lake ndi lomwe lija." Chinakankhanso.

Nditacheuka ndinawaona akukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri monga ndinawaphunzitsira. Anayang'ana denga. Anatsikira pa chitseko cha mapepala a malata. Anafika pa mapazi n'kukhalapo.

"Nyumba iyi ndi ya ndani?"

"Ni yao."

"Nanga ya khonde?"

"Ni ya kalaliki."

Anaika foni pa tebulo pang'onopang'ono.

"Wabodza," anatero. "Mwana uyu ndi wabodza kuyambira ali wamng'ono. Zaka zonsezi kundinamiza ine, mkulu wake, osachita ndi manyazi omwe."

Ndinayesa kudzigwira koma zinakanika. Ndinaseka mpaka kutsamira chitseko. Amayi anandiponyera nsanza yopukutira mbale, ikadali yonyowa, ndipo sanaphonye.

"Ukuseka chiyani?"

"Amayi, imwe na ine tinabwereka na paipi ya maluwa."

Pakamwa pawo panagwedezeka ngati aseka, koma sanaseke. Anatenganso foni. Pamenepo ndinawauza zotsalazo, chifukwa lonjezo linali litasweka kale ndipo panalibe chosunga. Ndinawauza kuti mng'ono wawo akuganiza kuti amamukaniza chifukwa chomuchitira manyazi, ndi kuti anapempha kudzawaona ngakhale pa geti pokha.

Amayi anga si munthu wolira pamaso pa ana. Pa maliro a bambo analira monga mwambo umafunira, n'kudzuka kukaona ngati alendo adya. Tsiku limeneli anakhala pa bedi, foni ili pachifuwa, n'kulira mosabisa nkhope.

"Ine kumuchitira manyazi iyeyo? Ine ndimaopa kuti adzandiseka."

Atatha anapukuta m'maso, nadzuka, navala jombo zawo za mvula. Anamanga duku latsopano, poti amayi ndi amayi basi, koma chitenje anasiya chomwecho cha pakhomo. Anatuluka n'kukaima pa matumba a mchenga, madzi akuwazungulira.

"Jambula."

Mwachizolowezi ndinayamba kugwada kuti ndipeze mbali yabwino.

"Imirira. Bwerera m'mbuyo. Chimbudzi chikuoneka?"

"Chioneka."

"Madzi?"

"Yaoneka."

"Usadule kanthu. Tumiza."

Mayi wa tomato uja anali ataima pakhomo pake akuonerera. "Manje na imwe ba mbuya mwayamba kukopewa mu matika?" anafunsa. Chithunzicho chinatuluka chopendekeka, kuwala kuli kolakwika, ndipo pakona panalowa chigongono cha mayi wa tomato. Ndinachitumiza chomwecho ku foni ya mkazi wa kalaliki.

Tinadikira mpaka tsiku lotsatira. Amayi sanasese, sanapite kumsika, ankangofunsa ngati foni ili ndi moto. Italira anandiuza kuti ndiikweze mawu.

"Akulu anga."

"Ndikumva."

"Madziwo amalowa m'nyumba?"

"Amalowa. Nanga denga lakolo?"



"Limadontha," anatero amayi aang'ono. "Mwana wanuyo ndi wapakamwa."

"Pakamwa alibe, ndi wamantha. Ndi foni yakeyi."

Anayamba kuseka onse awiri, kuseka kosakanikirana ndi kulira, kwinaku akulimbana kuti anayamba bodza ndani. Amayi ankati iwo anangotsatira nzeru za amuna awo. Amayi aang'ono ankati iwo anangobwezera, poti sakanatumiza chithunzi cha kanyumba ka udzu kwa munthu wotsamira galimoto. Mlandu unatsala pang'ono kugwera ine, ngakhale unayamba ndisanabadwe.

"Ndiye ndibwere liti?"

"Bwera mawa, bwera lero. Madzi ndi ofika m'mawondo, koma ndidzakubereka ngati kale."

Anabwera mwezi womwewo, mvula isanathe. Ndinakawatenga ku siteshoni ya mabasi, ndipo m'minibasi monse ndinkakonza m'mutu chithunzi chachikulu cha moyo wanga: alongo awiri okalamba akukumana patatha zaka zonsezo. Kamera inali m'khosi, foni m'thumba la malaya, zonse zodzaza moto. Ndinali nditasankha ngakhale mwala woti ndidzaimepo.

Minibasi inatitsitsa pomwe msewu umathera ndi pomwe madzi amayambira. Amayi anali pomwepo, mu jombo zawo, atadikira kuyambira m'mawa. Sanathamangirane. Anayang'anana, kenako amayi anatembenuka, nawerama, n'kuloza kumsana kwawo.

"Kwera."

"Mungandigwetse, nkhalamba inu," anatero amayi aang'ono.

"Miyendo yakoyo siingaponde madzi awa."

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinali ndi phazi limodzi pamwala paja, kamera ili kumaso. Ndinaitsitsa, ndinapatsa mnyamata wina wa wilibala chikwama chawo, n'kuwerama.

Amayi aang'ono anali opepuka kumsana kwanga kuposa momwe ndinkaganizira. Chithunzi cha tsiku limenelo ndilibe, chifukwa manja anga onse awiri anali kumbuyo, ndipo kamera inkangondimenya pachifuwa. Amayi ankayenda pambali panga m'madzi, atagwira phazi la mng'ono wawo ndi manja awiri, ndipo sanalisiye mpaka tinafika pakhomo.